Kuteteza ana aang'ono m'nyengo yotentha m'boma la Phalombe

Kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira Malichi, pamene dzuwa limaswa mtengo kenaka mvula n'kuyamba, ana aang'ono m'boma la Phalombe amakhala panja pafupifupi tsiku lonse. M'nyumba za malata mumatentha ngati m'ng'anjo, ndipo makolo amakhala ali kumunda, kudimba, kumsika kapena kunyanja. Ngozi zambiri zomwe zimagwera ana osakwana zaka zisanu m'miyezi imeneyi zili ndi malo ake odziwika komanso nthawi yake yodziwika, ndipo kawirikawiri zimachitika pamene palibe munthu wamkulu amene diso lake lili pa mwanayo. Kaamba ka ichi, nkhani ya chitetezo cha ana m'nyengoyi ikukhudza makolo, mafumu, alangizi ndi maofesi a khonsolo mofanana.

Boma la Phalombe ndi nyengo zake

Boma la Phalombe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998 pamene lidapatulidwa ku boma la Mulanje. Limachita malire ndi Mulanje, Zomba komanso dziko la Mozambique, ndipo kumpoto kwake kuli nyanja ya Chilwa. Malinga ndi kalembera wa chaka cha 2018, m'bomali mudali anthu 429,450, ambiri mwa iwo Alhomwe, okhala m'madera a mafumu monga Mkhumba, Nazombe, Kaduya, Jenala, Chiwalo ndi Nkhulambe. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko muno pa anthu asanu ndi awiri alionse, mmodzi ndi mwana wosakwana zaka zisanu. Potengera muyeso umenewu, ana a msinkhu wotere m'bomali adali pafupifupi 60,000.

Dera lalikulu la bomali ndi chigwa chotambalala chomwe chimayambira m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku Chilwa. Mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imatenga madzi a m'mapiriwa n'kukawatula kunyanja, ndipo m'njira imasiya madambo ndi maiwe, lalikulu mwa iwo n'la Mpoto.

Nyengo yotentha ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi chilimwe, makamaka Okutobala ndi Novembala, pamene madzi amasowa, anthu amakumba zitsime m'makhwawa, amaumba njerwa komanso kusosa ndi kugalauza m'minda. Gawo lachiwiri ndi dzinja, kuyambira kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, pamene kutentha kumapitirira koma dzenje lililonse lomwe lidakumbidwa m'chilimwe limasanduka dziwe. Ntchito ya kumunda imafika pachimake nthawi yomweyi: kubzala, kupalira, kubandira. Mabanja amene chakudya chawathera amapita kukachita ganyu kutali, ena mpaka kuoloka malire. Tchuthi cha Khirisimasi nacho chimagwera pomwepa. Choncho masabata amene panja pamakhala poopsa kwambiri ndi omwenso makolo amakhala otanganidwa kuposa nthawi ina iliyonse pachaka.

Kumira m'madzi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti m'chaka cha 2024 lomwe lidati anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi padziko lonse mu 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali mwana wosakwana zaka zisanu. Mu Epulo 2021, msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations udakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbukira ntchito yopewa ngozi zimenezi.

Anthu akamva za kumira amaganiza za nyanja kapena mtsinje wodzaza. Kwa mwana wa chaka chimodzi kufikira zinayi, malo oopsa amakhala pafupi kwambiri ndi nyumba. Nkhuti yomwe banja lidakumbamo dothi loumbira njerwa mu Ogasiti imakhala itadzaza madzi pofika Januwale, ndipo m'mphepete mwake mumaterera. Chimodzimodzi chitsime cha kudimba chopanda chivundikiro, dzenje la chimbudzi lomwe lidakumbidwa koma osamangidwa, maenje osiyidwa ndi okumba mchenga kapena okonza misewu, ngalande za m'minda ya mpunga, ngakhalenso ndowa kapena beseni lochapiramo lomwe lasiyidwa pabwalo. Mwana wa msinkhu umenewu amakhala ndi mutu wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Akaweramira m'ndowa kuti agwire chithunzithunzi chake, amagwera chamutu ndipo sangathe kudzidzutsa. Madzi olekeza m'kakolo mwa munthu wamkulu ndi okwanira kumupha.

Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti mwana akamamira salira. Pakamwa ndi mphuno zimakhala m'madzi, mpweya wofuulira palibe. Mayi akhoza kukhala akutsuka mbale kuseri kwa nyumba osamva kanthu, ndipo pakatha mphindi zochepa chabe ubongo wa mwanayo umakhala utayamba kuonongeka chifukwa chosowa mpweya. Ichi ndi chifukwa chake akatswiri amati kuyang'anira mwana wamng'ono pafupi ndi madzi kumatanthauza kukhala pamalo poti dzanja likhoza kumufikira, osati kungomva mawu ake patali.

Apa pakubwera nkhani ya alezi. M'midzi yambiri mwana wa zaka ziwiri amasiyidwa m'manja mwa mchemwali wake kapena mchimwene wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mlezi wotereyu amamukonda mng'ono wakeyo, koma naye ndi mwana: anzake akayamba fulaye, phada kapena chipako, amamukhazika pansi n'kulowa m'masewero. Ngozi ikachitika, mlandu umagwera iye ndipo amakula nalo bala limenelo, pamene cholakwika chidali kumusenzetsa katundu wosayenera msinkhu wake. Palinso vuto la pamalo pamene pali anthu ambiri, monga pamjigo, padooko, pamaliro kapena paukwati, pomwe aliyense amaganiza kuti wina akumuona mwanayo. Ndi bwino kuti munthu mmodzi atchulidwe dzina kuti mwanayu ali m'manja mwake, ndipo akamachoka amupereke kwa wina pomuuza.

Zotchinga zimathandiza pamene diso lalephera. Nkhuti ikwiriridwe njerwa zikangowotchedwa, mvula isanagwe. Chitsime chikhale ndi chivundikiro cholemera choti mwana sangachisunthe, kapena chitchingidwe ndi mpanda wa nsungwi. Ndowa ndi mabeseni zikhuthulidwe n'kuvundikiridwa ntchito ikatha. Makontilakitala a misewu ndi zomangamanga ayenera kukwirira maenje omwe adatengamo dothi, ndipo ofesi yomwe imavomereza malipiro awo omaliza ili ndi mpata wabwino woonetsetsa kuti izi zachitika.

Mwana akagwera m'madzi akuya, wopulumutsa amene sadziwa kusambira asalumphiremo, chifukwa kawirikawiri maliro amasanduka awiri. Amuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe kapena chitenje, kapena amufikire ndi nsungwi iye atagona pamtunda. Mwana akavuulidwa, chizolowezi chomuzondotsa kapena kumupsinja pamimba kuti madzi atuluke chimangotaya nthawi ndipo chikhoza kukankhira masanzi m'mapapo. Ngati sakupuma, chofunika msanga ndi kumupumira mpweya m'kamwa ndi kumupsinja pachifuwa mosinthanasinthana, uku wina akufunafuna chokwera. Luso limeneli limaphunzitsidwa ndi bungwe la Malawi Red Cross Society komanso azaumoyo, ndipo silitenga masiku ambiri. Mwana amene watsitsimuka atamira apitebe kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, poti vuto la kupuma likhoza kuyamba patatha maola angapo.

Imfa zambiri za mtunduwu zimathera pamudzi. Mwana amapezeka atafa kale, nkhani imafika kwa mfumu ndi kupolisi, ndipo m'kaundula wa odwala kuchipatala simulembedwa kanthu. Khonsolo yomwe ikufuna kudziwa malo amene akumiza ana iyenera kuphatikiza zomwe apolisi, mafumu ndi alangizi a zaumoyo akudziwa.

Mitsinje yochokera m'phiri

Anthu a ku Phalombe safuna kuuzidwa za napolo. Pa 10 Malichi 1991, mvula yamphamvu itagwa kwa masiku angapo, mbali ina ya phiri la Michesi idagumuka ndipo madzi, matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zidasesa midzi ndi malo a zamalonda a Phalombe. Anthu pafupifupi 500 adafa. Ngoziyi ndi yomwe idachititsa kuti dziko lino likhale ndi lamulo lake loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho. Patatha zaka 32, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adakantha chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Dera la Nkhulambe ndi limodzi mwa madera omwe adasakazika koopsa. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo idavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 1991.

Ngozi zikuluzikuluzi zimakumbukiridwa, koma khalidwe la mitsinje lomwe lidazibweretsa limaonekera dzinja lililonse pang'onopang'ono. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limakoka mitambo, ndipo mvula ikhoza kugwa kwa maola angapo kumtunda pamene kuchigwa kuli dzuwa. Madziwo amatsika m'matanthwe mwaliwiro ndipo amafika kumunsi mwadzidzidzi. Ana amene akusambira kapena kuumba zidole pamchenga pakati pa mtsinje woonekera ngati wouma alibe nthawi yothawira. Zizindikiro zake akuluakulu amazidziwa: mitambo yakuda pamwamba pa phiri, madzi kuyamba kuda, zinyalala ndi masamba kuyandama, komanso mkokomo wochokera kumtunda. Nzeru zimenezi zikufunika kuphunzitsidwa kwa ana mwadala, kunyumba ndi kusukulu komwe.

Akale adati madzi saiwala khwawa. M'madera ena namondwe wa Freddy adasintha njira za mitsinje, kukwirira ina ndi mchenga ndi kukumba makhwawa atsopano, kotero kuti pamene padali dooko losaya tsopano pakhoza kukhala pakuya. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe amagwira ntchito ndi nthambi ya DoDMA, ali ndi udindo woyendera madooko onse omwe ana amaoloka popita kusukulu, mvula isanayambe. Mphunzitsi wamkulu akaona kuti kuphiri kwada, ndi bwino asunge ana pasukulu kufikira makolo atabwera kusiyana ndi kuwaweruka msanga kuti athamangire kuoloka.

Likodzo ndi kolera

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Idaphwapo kangapo, monga mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 gawo lake lalikulu lidasanduka matope ouma. Idalowanso m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Nyanjayi imadyetsa mabanja ambiri ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo pamadooko monga Swang'oma ana amakulira m'madzi. Koma madzi odekha, ofunda ndi odzala zomera ngati amenewa, pamodzi ndi maiwe ndi minda ya mpunga yozungulira, ndi malo omwe nkhono zofalitsa likodzo zimaswana.

Matendawa amayenda motere: munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa m'nkhono, m'mene timakula ndi kuchulukana. Kenaka timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Timatuluka tambiri masana dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira kuti azizidwe. Patapita masabata angapo mwana amayamba kukodza magazi. M'madera ena izi zimatengedwa ngati chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, koma ndi matenda omwe amachepetsa magazi, kupinimbiritsa mwana, ndipo akakhalitsa amaononga chikhodzodzo, impso ndi njira yoberekera ya atsikana.

Unduna wa zaumoyo wakhala ukugawa mankhwala a praziquantel kudzera m'sukulu. Ana amene sadayambe sukulu akhala akutsalira pa ndondomekoyi, chonsecho amayi awo amawakhazika m'madzi a m'mphepete akamachapa ndipo amawasambitsa ndi madzi omwewo. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidalangiza kuti m'madera momwe likodzo ndi lofala, mankhwalawa aziperekedwa kuyambira kwa ana a zaka ziwiri. Kunyumba, madzi osambitsira mwana akachokera kunyanja kapena padziwe awiritsidwe n'kuziziritsidwa, kapena asungidwe m'ndowa kwa masiku awiri, chifukwa tinyongolotsito sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu womulowa.

Dera la Chilwa ndi lodziwikanso ndi kolera, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama m'kati mwa nyanja. Mu 2016 kudachitika ntchito yapadera yopereka katemera wa kolera kwa asodziwa ndi anthu a m'mbali mwa nyanjayi. Mliri womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafalikira dziko lonse ndipo udapha anthu oposa 1,700. Mwana amene akusewera panja amamwa madzi alionse omwe wawapeza, amatola mango pansi n'kudya osatsuka. Kumupatsa kabotolo ka madzi othira klorini kapena owiritsa pochoka pakhomo ndi kanthu kakang'ono koma kamatseka njira imodzi yaikulu ya matendawa.

Dzuwa ndi kutha kwa madzi m'thupi

Thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu, ndipo mwana wotengeka ndi masewero sakumbukira kumwa madzi. M'zaka zaposachedwa, monga mu Okutobala 2023, nthambi yoona za nyengo yakhala ikuchenjeza za kutentha kopyola muyeso m'madera ambiri a dziko lino. Machenjezo otere amafika pafoni ndi pawailesi, koma afunika kuti afikenso kwa alezi a sukulu za mmera mpoyamba ndi aphunzitsi a makalasi oyambirira, kuti masewero a pabwalo achitike m'mawa kapena madzulo, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko ana akhale pamthunzi.

Amene amaiwalika kwambiri ndi khanda la kumbuyo. Mayi akamagalauza, mwana amakhala atapanikizika pakati pa msana wotentha ndi zitenje ziwiri, mutu uli padzuwa. Kumugoneka pamthunzi poonekera, pamphasa, kuli bwino kuposa kumubereka m'mawa wonse. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisapatsidwe madzi ngakhale kutenthe bwanji. Liyamwitsidwe pafupipafupi, poti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ndipo mayiyo ndiye amwe madzi ambiri.

Mwana amene madzi akutha m'thupi amakodza pang'ono mkodzo wachikasu, milomo imauma, maso amalowa m'kati, amalira popanda misozi ndipo amafooka. Kwa khanda, liwombo limalowa. Mabanja ena akaona liwombo lalowa amathamangira mankhwala opaka pamutu, pamene chomwe thupi likupempha ndi madzi. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndipo mwana amwetsedwe pang'onopang'ono. Ngati akutsekula m'mimba, azaumoyo amaonjezera mankhwala a zinc. Mwana amene thupi latentha kwambiri, akubwebweta, akukomoka kapena akulephera kumwa avulidwe zovala, apukutidwe ndi nsalu yonyowa ndi kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa ogwira ntchito m'boma amene amayenda pagalimoto, mwana asasiyidwe m'galimoto yoimikidwa padzuwa ngakhale kwa mphindi zochepa zokasainira kalata, ngakhale mawindo atatsitsidwa pang'ono.

Malungo

Kutentha kumatulutsa mabanja panja usiku. Ana amasewera pamwezi mpaka mochedwa, ena amagona pakhonde, ndipo m'nyumba neti imakwezedwa poti ikutentha. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma nthawi imeneyi, ndipo umachuluka mvula ikayamba. Phalombe ndi limodzi mwa maboma 11 omwe adayamba kupereka katemera wa malungo m'chaka cha 2019, pamene Malawi adakhala dziko loyamba kuyamba ntchitoyi, Ghana ndi Kenya akutsatira. Mwana amalandira katemerayu kanayi, kuyambira ali ndi miyezi isanu, ndipo womaliza amabwera atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri. Womalizayu ndi amene makolo ambiri amamuiwala. Katemerayu amachepetsa malungo koma salowa m'malo mwa neti. Mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, chifukwa n'kosavuta kunamizira dzuwa pamene ali malungo.

Mango, masanje, njoka ndi mphenzi

Novembala ndi Disembala ndi nyengo ya mango, ndipo zipatala zimalandira ana othyoka mikono ndi ovulala m'mutu. Aang'ono amene sangakwere amaima pansi kudikira, ndipo ndi amene amagendedwa ndi miyala yogwetsera mango. Ndodo yaitali yokolera imachepetsa ngozi zonse ziwiri. Pamasanje ana amakoleza moto weniweni, ndipo kansalu ka nayiloni sikachedwa kugwira. Moto wa osaka mbewa nawo umathamanga kwambiri m'tchire louma la mu Okutobala. Bala la moto lithiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi.

Mvula yoyamba imatulutsa ngumbi, ndipo ana amakhamukira pachulu madzulo. Njoka nazo zimabwera pomwepo kudzasaka achule. Mwana akalumidwa asatemedwe mphini, asayamwidwe pabala, asamangidwe chingwe cholimba. Agonekedwe, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenaka apite kukalandira katemera wa chiwewe, matenda omwe akangoonetsa zizindikiro sachizika. Bowa wotoledwa ndi ana asaphikidwe munthu womudziwa asanamuone.

Chigwa cha Phalombe ndi chopanda zobisalamo, ndipo mwana woweta mbuzi kapena wosewera mpira akaona mvula amathamangira pansi pa mtengo, pomwe ndi pamalo poopsa kwambiri pakakhala ziphaliwali. Malo abwino ndi m'nyumba, ndipo masewero ayambirenso patatha theka la ola kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu woombedwa ndi mphenzi akhoza kugwiridwa popanda choopsa ndipo afunika thandizo msanga.

M'mbali mwa msewu wa phula wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale komanso m'misika monga Migowi ndi Chiringa, njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu sangathe kuyeza liwiro la chinthu chomwe chikubwera.

Ana achialubino

Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Khungu lawo lilibe chodzitetezera ku dzuwa, ndipo zilonda za dzuwa za paubwana ndi zomwe zimadzabala khansa ya pakhungu akakula. Mwana wotere afunika chipewa chotambalala, zovala za manja aatali, mafuta oteteza khungu omwe amaperekedwa m'zipatala, komanso malo a pamthunzi. Kuyambira kumapeto kwa 2014 dziko lino lidaona mchitidwe wozembetsa ndi kupha anthu achialubino, zomwe zidachititsa kuti malamulo akhwimitsidwe mu 2016. Mantha adachititsa makolo ena kutsekera ana awo m'nyumba. Mwanayo ali ndi ufulu wosewera ngati anzake, ndipo ntchito ya apolisi a m'mudzi ndi mafumu ndi kuonetsetsa kuti akusewera pamalo pamene pali anthu odziwika.

Malamulo ndi sukulu za mmera mpoyamba

Lamulo loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limapereka udindo woyamba kwa makolo ndi osunga ana, komanso limalamula makhonsolo kuteteza ndi kupititsa patsogolo umoyo wa ana m'madera awo. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo lamulo la 2015 limalanga ozembetsa anthu, nkhani yomwe ikukhudza maboma a m'malire ngati Phalombe. Nkhanza kapena kulekerera mwana zikhoza kunenedwa kupolisi, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena poimba nambala yaulere ya 116. Odwala amathandizidwa ndi alangizi a zaumoyo m'zipatala za m'midzi, zipatala zing'onozing'ono, chipatala cha mishoni cha Holy Family ndi chipatala chachikulu cha John Chilembwe ku Migowi, chomwe chidatsegulidwa mu 2022.

Komabe lamulo silingauze mayi amene akupalira yekha munda kuti asiye khasu azilondola mwana. Funso lenileni ndi lakuti mwanayo akhale ndi yani kuyambira m'mawa mpaka masana. Dziko la Bangladesh, komwe kumira m'madzi kwakhala kukupha ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ochuluka kuposa matenda ambiri, lidayesa njira ya malo osungirako ana m'midzi, otsegula 9 koloko m'mawa kufikira 1 koloko masana, nthawi yomwe amayi amatanganidwa. Kafukufuku adapeza kuti chiopsezo cha kumira pakati pa ana opita kumaloko chidatsika ndi gawo loposa 80 pa 100. Mu 2021 bungwe la WHO lidaika malo otere pakati pa njira zomwe limalimbikitsa popewa kumira kwa ana.

Malawi ali nayo kale njira imeneyi. Sukulu za mmera mpoyamba zoyendetsedwa ndi anthu a m'midzi zilipo m'maboma onse, ndipo ndondomeko ya boma yoona za kakulidwe ka ana idakhazikitsidwa mu 2003 n'kuunikidwanso mu 2017. Sukuluzi zimaonedwa ngati malo ophunzirira zilembo ndi nyimbo, koma pa maola anayi kapena asanu amenewo mwana amakhala kutali ndi nkhuti, mtsinje ndi msewu. Ndi mwambo uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, utaikidwa m'dongosolo.

Mavuto ake ndi atatu odziwika. Alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo nawo ali ndi minda yofuna kupalira. Phala limadalira zopereka za makolo, choncho mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, sukulu zambiri zimatseka kapena ana amasiya kubwera, pomwe ndi miyezi imene maenje ndi mitsinje zadzaza. Chachitatu, zambiri zimalandira ana kuyambira zaka zitatu, pamene mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri, amene wangophunzira kuyenda, ndiye ali pachiopsezo chachikulu. Zina mwa sukuluzi zimakumanira pansi pa mtengo kapena m'zisakasa zodontha, ndipo zina zili tsidya lina la mtsinje.

Zimenezi zikhoza kukonzedwa pa mlingo wa khonsolo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi. Chimanga ndi soya za m'munda wa sukulu zisungidwe kuti zidzagwire ntchito m'miyezi ya njala m'malo moyamba kuphikidwa nthawi ya masika pamene pakhomo paliponse pali chakudya. Alezi akhale pamndandanda woyamba pa maphunziro a chithandizo choyamba. Amayi a ana osakwana zaka zitatu athandizidwe kupanga magulu osinthana, mmodzi kutsala ndi ana pamene anzake akumulimira gawo lake. Ndipo kuyendera nkhuti, zitsime ndi madooko kuikidwe pa ndondomeko ya ntchito ya mwezi wa Okutobala, pamodzi ndi kukonzekera ngozi za dzinja, pamene dothi lokwiririra likadali louma ndipo anthu asanatanganidwe ndi kubzala.